Karonga, podutsa nthambo

Mukatenga mapu a dziko lino n'kufunsa kuti kodi intaneti yathuyi imalowera pati, chala chanu chiloza malo owerengeka. Ku Mwanza, kumene nthambo zimachokera ku Mozambique. Ku Mchinji, za ku Zambia. Kenako kumpoto kwenikweni, pa mlatho wa Songwe m'boma la Karonga, pomwe zimawolokera za ku Dar es Salaam. Nyanja yamchere tilibe ife, ndiye kanema aliyense wa pa YouTube ndi uthenga uliwonse wopita kwa m'bale wathu ku Johannesburg zimayenera kupondako m'munda mwa mnansi zisanafike ku nthambo zikuluzikulu zogona pansi pa nyanja.

Nthawi iliyonse pakamveka kuti kukubwera nthambo ina ya faiba, mawu ake amakhala omwewo: mpikisano ukula, mitengo itsika, wakumudzi naye atsegula maso. Sindikutsutsa kuti zingatero. Koma Karonga si mlendo pa nkhani ya nthambo. Inayamba kudutsidwa ndi nthambo ya mayiko agogo athu asanabadwe, ndipo nthambo yoyambayo nayonso inabwera ndi lonjezo la mpikisano ndi mitengo yotsika. N'chifukwa chake ndikufuna tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione kuti njira ikadutsa pakhomo pako, chimatsala m'manja mwako n'chiyani.

Azungu asanafike, chigwa cha Ankhonde chinali kale pa njira ya malonda. A Kyungu, ali paphiri la Mbande, ankagulitsa minyanga ya njovu kwa amalonda ochokera kutsidya la nyanja, n'kumalandira nsalu ndi zina. Wolemba mbiri Owen Kalinga anaifotokoza bwino nkhaniyi m'buku lake la mbiri ya ufumu wa Ankhonde. Chimene chinaikoka Karonga m'nkhani za dziko lonse ndi malo ake basi. Ili kumapeto kwa nyanja, pomwe katundu wa pamadzi amayenera kutsika n'kukwera pamutu pa munthu kuti apitirire ku nyanja ya Tanganyika.

Mu 1878 amalonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes Company, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Ife timaidziwa ndi dzina loti Mandala, lochokera pa magalasi a m'maso a John uja. Mmodzi mwa eni ake, James Stevenson, anapereka mapaundi 4,000 kuti alambule msewu wochoka ku Karonga kukafika ku nyanja ya Tanganyika. Ntchito inayamba mu 1881. Injiniya wake, James Stewart, anamwalira ndi malungo mu 1883, ndipo amene analowa m'malo mwake, William McEwan, naye sanakhalitse. Msewu weniweni unangolambulidwa chigawo choyamba, kwinako kunali kanjira ka miyendo. Koma pa mapu a ku Ulaya anaujambula ngati mseu wamphumphu, mzere wonenepa bwino, moti pamene Britain ndi Germany ankagawana malire mu 1890, Angelezi anaumirira kuti msewu wa Stevenson ukhale mbali yawo. Malire a pa Songwe amene timadindirapo mapasipoti lerowa anabadwira m'kukambirana komweko. Ndikaona mapu a makampani a mafoni openta dziko lonse ndi utoto umodzi kuti netiweki ili ponseponse, ndimakumbukira msewu umenewu.

Mu 1884 Mandala inatsegula sitolo ku Karonga, ndipo woyang'anira wake anali Monteith Fotheringham. Apa pali mfundo imene mabuku akusukulu amaidumpha. Poyamba Mandala ndi amalonda a Chiswahili sanali adani ayi. Anali wogula ndi wogulitsa. Mlozi ndi anzake, Kopakopa ndi Msalema, anamanga malinga awo cha ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru, ndipo minyanga imene ankabwera nayo kuchokera ku Luangwa inkagulidwa pa sitolo ya Mandala yomweyo. Kwa wamalonda wa minyanga, sitima ya nthunzi inali njira yachidule kusiyana ndi kuyenda pansi miyezi mpaka kugombe la Kilwa. Tinganene kuti pa Karonga panakumana njira ziwiri zopita kunyanja yamchere: yakum'mawa ya Aswahili, ndi yakumwera ya Mandala, yotsika ndi Shire ndi Zambezi.

Musandimve molakwa. Mlozi sanali wamalonda wamba woti tizimumvera chisoni. Ankagwira ndi kugulitsa anthu, ndipo zimene zinachitikira Ankhonde pa dambo la Kambwe mu 1887, pamene anthu othawira m'mabango anawayatsira moto, palibe angazipake mafuta. Nkhondo inayamba chaka chomwecho, Frederick Lugard anadzavulalira pomwepo mu 1888, panakhala pangano mu 1889, ndipo zinadzathera mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston anagumula linga la Mlozi n'kumupachika. Ukapolo unatha, ndipo nkoyenera kuthokoza. Koma tikayang'ana ndi diso la msika, chinanso chinatha: njira yakum'mawa inatsekeka, n'kutsala imodzi.

Ndipo imodziyo taonani mwini wake. Pofika 1893 Mandala inali italowa m'manja mwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes. Rhodes yemweyo ankapereka mapaundi 10,000 pachaka othandizira boma la Johnston. Kudzera m'mapangano amene Mandala inasainitsa mafumu, kampani yake inadzatenga malo oposa maekala 2 miliyoni m'boma la North Nyasa, lomwe ndi Karonga ndi Chitipa wa lero, ndipo inawabweza m'zaka za m'ma 1930, koma n'kusungabe ufulu wa miyala ya pansi. Sitolo, sitima, msewu, nthaka: zonse zinkathera pa thumba limodzi. Chotsala chinali nthambo.

Nkhani ya nthamboyo ndi imene imandisangalatsa kwambiri, chifukwa inayambira pa kudandaula mitengo, ngati mmene timachitira ife pa Facebook. Kuyambira 1879, uthenga wa lamya wochoka ku South Africa kupita ku London unkadzera pa nthambo ya pansi pa nyanja, yodutsa ku Delagoa Bay, Mozambique, Zanzibar ndi Aden. Eni ake anali makampani a John Pender, amene anagwira pafupifupi nthambo zonse za m'nyanja za ufumu wa Britain. Mtengo ankaulipiritsa pa liwu lililonse, ndipo unali wowawa ngakhale kwa anthu a migodi ya dayamondi. Rhodes anati tiyeni timange yathu, ya pamtunda, yochoka ku Cape mpaka ku Cairo. Kumapeto kwa 1892 anakhazikitsa African Transcontinental Telegraph Company, ndipo ndalama zambiri zinachoka m'thumba mwake. Panali ndale za ufumu, zoona, maloto ake aja openta Africa yense ndi utoto wa Britain. Koma panalinso masamu a wamalonda wofuna kuthyola msana wa mnzake wogulitsa yekha.

Mizati yake inali yachitsulo, chifukwa yamitengo chiswe chikanaimaliza isanathe mvula ziwiri. Inkachokera ku Ulaya, kulowera pa Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, kenako sitima za panyanja, ndipo potsiriza pamapewa a amtengatenga. Nthambo inachoka ku Salisbury kulunjika ku Tete, koma nkhondo ya Mashona ya 1896 itaiwononga anaikhotetsera ku Umtali. Kuchoka ku Tete inafika ku Blantyre, Zomba, Fort Johnston, n'kutsata gombe kudzera ku Kota Kota ndi Nkhata Bay. Chisanakwane chaka cha 1900 inali itafika ku Karonga, n'kukwera mapiri motsata msewu wa Stevenson uja mpaka ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Mu 1899 Rhodes anapita yekha ku Berlin kukaonana ndi Kaiser Wilhelm II kuti amulole kudutsa m'dziko la Ajeremani. Anamulola. Nthambo inafika ku Ujiji, n'kuima pomwepo. Rhodes anamwalira mu 1902, Cairo ili kutali.

Tsono funso langa ndi ili: Mnkhonde amene ananyamula mzati wachitsulo kuchoka padoko kukwera nawo ku Mpata, lamya ija inamuthandiza chiyani? Inkalira pamwamba pa munda wake usana ndi usiku, itanyamula mitengo ya katundu, malamulo a boma, nkhani za ku London. Kuti iyeyo atumizepo liwu, pankafunika ndalama imene malipiro ake a mwezi sakanaikwanitsa bwino, komanso kudziwa kulemba, komanso wina kutsidyako woti alandire. Mpikisano unalipo ndithu, koma unali wa pakati pa Rhodes ndi Pender, pa makasitomala a ku Kimberley ndi Johannesburg. Karonga inali podutsa chabe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Kuti nthamboyo inali ndi mphamvu, zinaoneka mu 1914. Nkhondo itabuka ku Ulaya kumayambiriro kwa Ogasiti, uthenga unafika msanga ku Zomba kudzera pa lamya. Kaputeni Rhoades anatumidwa ndi sitima ya Guendolen kukasaka sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Pa 13 Ogasiti anaipeza ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli, n'kuiombera. Kaputeni wa Chijeremani, Berndt, amene anali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, akuti anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Sankadziwa kuti kuli nkhondo. Wina anali ndi nthambo, wina analibe, nyanja yonse inapita choncho. Patapita milungu inayi, pa 9 Seputembala, nkhondo inafika pa Karonga penipeni, ndipo manda a amene anafa tsikulo alipo mpaka pano. Zaka zotsatirazo amuna zikwizikwi a dziko lino anakakamizidwa kunyamula katundu wa asilikali, ambiri kudzera pa Karonga pomwepa, ndipo ochuluka sanabwerere. Uthenga unkayenda pa nthambo, katundu pamutu pa munthu.

Zaka za pakatipa ndizidumpha, chifukwa nkhani yake ndi imodzi. Lamya inakhala ya boma, kudzera ku positi ofesi, m'nthawi ya atsamunda ndi ya Kamuzu yomwe. Wogulitsa mmodzi, mtengo umodzi, mzere wodikira foni ya m'nyumba wotenga zaka. Chimodzi chokha ndichitchule. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za Beira ndi Nacala, dziko linakumbukira mwadzidzidzi kuti kumpoto kuli khomo. Msewu wa Karonga mpaka Songwe unakonzedwa, doko la Chilumba linapatsidwa ntchito, ndipo ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam kunatsegulidwa malo osungira katundu wa Malawi. Njira yakum'mawa imene inatsekeka ndi Mlozi inatsegukanso. Karonga timaikumbukira kumwera kukavuta.

Mafoni a m'manja anabwera mu 1995 ndi TNM, Celtel inatsatira mu 1999, n'kudzakhala Zain, kenako Airtel mu 2010. Lamulo la 1998 linabala bungwe la MACRA, ndipo mu 2000 positi inalekanitsidwa ndi lamya, kubadwa kwa MTL. Nthawi yonseyi intaneti yathu inkadzera pa setilaiti, yodula komanso yochedwa. Amene munalowapo mu intaneti kefe zaka zimenezo mukukumbuka kudikira tsamba limodzi mphindi zikutha, ndalama ikuwerengedwa. Zinthu zinasintha pamene nthambo za pansi pa nyanja zinafika kugombe la kum'mawa kwa Africa: SEACOM mu 2009, EASSy mu 2010, zonse zikutsikira ku Dar es Salaam ndi Maputo. Taonani, ndi gombe lomwe lija la nthambo ya Pender.

Faiba ndi ulusi wagalasi, wowonda ngati tsitsi, umene uthenga umayendamo ngati kuwala kothwanima. M'nthambo imodzi mumakhala maulusi ambiri, ndipo ulusi umodzi ukhoza kunyamula zokamba za tauni yonse popanda kutopa. Chodula ndi kukumba ngalande kapena kuimika mapolo. Ukangoyala, kuwonjezera katundu woyendamo sikudya ndalama zambiri. Ichi n'chifukwa chake mwini nthambo akakhala yekha amalemera, ndipo akabwera wachiwiri mtengo umagwa msanga: aliyense ali ndi malo otsala ambiri, ndipo bola kugulitsa motchipa kusiyana n'kuti ulusi uzingokhala.

Pa Karonga zinachitikadi. MTL inayala nthambo yake m'dziko muno n'kuilumikiza ku Mozambique ndi ku Tanzania, komwe nthambo ya boma la kumeneko imafika pa Kasumulu, kutsidya kwa mlatho wa Songwe. Mu 2016 nthambo za MTL zinapatulidwa n'kukhala kampani payokha, Open Connect Limited. Ndi thandizo la World Bank, boma linachita mgwirizano ndi SimbaNET kuti iyale ina yochoka ku Lilongwe kupita kumalire a Tanzania ndi a Zambia, cholinga chenicheni chili choti pakhale wachiwiri. Kenako kunabwera ya boma, yomangidwa ndi Huawei ndi ngongole ya ku China, yoyendetsedwa ndi ESCOM, yodzera pamwamba pa mapolo a magetsi. Mu 2023 maboma a Malawi ndi Tanzania anasainirana pangano loti nthambo ya ESCOM ilumikizane ndi ya TTCL, kuti intaneti yochokera kunyanja izifika motsika mtengo. Ndiye kuti m'kamtunda kopapatiza ka pakati pa nyanja ndi mapiri, komwe M1 imadutsa pa Chilumba, Nyungwe, Karonga boma, Kaporo mpaka Songwe, mukuyenda nthambo za eni angapo. Maboma ambiri a dziko lino alibe mwayi wotere.

Mtengo wopikulira unatsikadi, kwambiri. Apa lonjezo linakwaniritsidwa, ndipo amene amati palibe chinasintha aiwala msanga za kefe zija. Koma wopikula ndani? Ndi TNM, Airtel, mabanki, boma, makampani ogulitsa intaneti m'mizinda ikuluikulu. Mayi wogulitsa mpunga wa Kilombero pa Kaporo sagula kwa SimbaNET kapena kwa ESCOM. Amagula bandulo pafoni, ndipo masitolo ake enieni ndi awiri. M'boma la anthu 365,028, malinga ndi kalembera wa 2018, pafupifupi aliyense amene ali pa intaneti amaipeza kudzera pa nsanja ya imodzi mwa makampani awiriwa. Faiba imafika pansi pa nsanja, kuchoka apo ndi mphepo, ndipo mphepoyo ili ndi eni.

Wachitatu takhala tikumudikira ngati mvula ya mu Okutobala. G-Mobile inapatsidwa chiphaso, osayamba. Celcom chimodzimodzi. Malcel inalandira chake mu 2022. Si nkhani ya ufiti ayi, ndi masamu: kuti upikisane ndi awiri amene ali kale ndi nsanja m'dziko lonse, uyenera kumanga zako ndi madola, m'dziko losowa madola, kwa makasitomala amene ambiri amagula bandulo ya tsiku limodzi. Ndipo awiri akakhala okha pamsika safunika n'kukumana usiku kuti agwirizane. Aliyense amangoyang'ana mtengo wa mnzake n'kuima chapafupi. Onjezani kuti kwa zaka zambiri Press Corporation yakhala ndi magawo mu TNM, mu MTL ndi mu Open Connect momwe. Sindikunena kuti pali mlandu. Ndikungoti amene wawerenga za sitolo, sitima ndi nthambo zothera m'thumba limodzi sangalephere kutukula nsidze.

Chimene chinatsitsako mtengo wa wogula wamba mooneka, m'zaka zaposachedwazi, sinali nthambo yatsopano. Linali phokoso. Mu 2020 anthu anakuwa pa intaneti pomwepo kuti mtengo wa data ugwe, boma latsopano ndi MACRA anakankha, makampani n'kutsitsa mtengo wa intaneti yogula popanda bandulo. Mbali inayo, boma lomwelo limadya nawo: kuyambira 2015 pali msonkho wa 10 peresenti pa data, pamwamba pake VAT. Ndiye kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe intaneti yakunja, zipangizo za pansanja ndi mafuta a majenereta zonse zimawerengedwa m'madola. Phindu limene nthambo yachiwiri ndi yachitatu zinabweretsa, lambiri linamwedwa panjira lisanafike pa Kaporo.

Karonga ili ndi chinthu chimodzi chimene Lilongwe alibe: ili ndi poyerekezera. Munthu wa ku Songwe kapena Iponga amawoloka kupita ku Kasumulu ndi Kyela ngati kupita kumsika wa kwawo, ndipo netiweki ya ku Tanzania siidziwa kuti mtsinje ndi malire. Kutsidyako makampani a mafoni ndi angapo, Vodacom, Airtel, Halotel, TTCL ndi ena, ndipo nyanja yamchere ndi yawo. Wamalonda wokhala ndi foni ya malaini awiri amadziwa pamtima kuti ndalama yomweyo imagula zochuluka bwanji uku ndi uko. Mpikisano weniweni umene anthu a m'malire akhala akuulawa ndi umenewu, wolowa mozemba ngati shuga ndi zitenje, osati wobwera ndi nduna yodula riboni.

Nanga faiba ina ikabwera, kapena zimene zilipozi zikafika mpaka m'makomo, chisinthe n'chiyani pa tauni ya Karonga? Maganizo anga ndi akuti nthambo yachinayi yongodutsa pa M1 kulunjika ku Lilongwe siisintha kanthu kwenikweni kwa wokhala pa Karonga, kupatula kuti ina ikaduka, kaya ndi madzi osefukira a North Rukuru kaya ndi khasu la okonza msewu, netiweki sizizimiratu. Chimenecho n'chabwino, koma si mpikisano. Sitima yodutsa osaima pa doko lako ndi chithunzi chabe. Chofunika ndi potsitsira: malo pa tauni pomwepo pomwe nthambo imatsegulidwa, ndipo aliyense wokhala ndi chiphaso akhoza kupikula pa mtengo wolembedwa poyera, wofanana kwa wamkulu ndi wamng'ono.

Pakakhala potsitsira potere, masamu a tauni ngati Karonga amayamba kutheka. Anthu oposa 60,000 okhala mothithikana, pamalo athyathyathya. Pali chipatala cha boma, maofesi a DC, koleji ya aphunzitsi, masukulu a sekondale monga Chaminade ndi Maghemo, nyumba yosungira mbiri ija ya Malawisaurus, mawailesi a Tuntufye ndi Dinosaur, malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, mabanki, ma ajenti a kasitomu a pa Songwe. Amenewa ndi makasitomala olipira pamwezi, ofuna intaneti yosawerengera mamegabaiti. Kakampani kakang'ono, ngakhale ka achinyamata a konkuno amene anaphunzira ku Mzuni kapena ku MUBAS, kakhoza kupikula, kukoka faiba makilomita ochepa, n'kumwaza Wi-Fi pamsika ndi pa depoti. Lamulo la 2016 linatsegula khomo limeneli, chifukwa linalekanitsa chiphaso cha mwini nthambo ndi cha wogulitsa intaneti, komanso linakhazikitsa thumba lothandizira madera amene makampani akuluakulu saonako phindu. Akuluakulu awiri aja sangagwe ndi kakampani kotere, ayi. Koma mphunzitsi amene madzulo ali pa Wi-Fi ya pamwezi sagulanso bandulo yaikulu, ndipo aphunzitsi otere akachuluka, ku likulu la kampani amayamba kuona pa manambala.

Malire ake tiwanene, tisanamizane. Izi ndi za tauni. Ku Wiliro, ku Lupembe kumtunda, m'midzi ya m'mphepete mwa Nyika, palibe adzakoke ulusi wagalasi kukafika pa nyumba iliyonse, ndipo m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi ndiyo inali ndi magetsi a ESCOM, kabokosi ka Wi-Fi kayaka ndi chiyani? Kumeneko intaneti ikhalabe ya pansanja, ndipo chimene faiba ingachite ndi kufika pansi pa nsanja zambiri kuti liwiro likwere. Mtengo wake udzatsika pokhapokha nsanjazo zikamabwerekedwa kwa opikisana nawo pa mtengo wabwino, kapena boma likachotsako dzanja lake pa msonkho.

Ndiye pali mlendo wa kumwamba. Chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti nthambo ya Rhodes isapitirire pa Ujiji n'chakuti uthenga wopanda nthambo unali utayamba. Marconi anawolotsa chizindikiro pa nyanja ya Atlantic mu 1901, ndipo kuimika mizati yachitsulo kudutsa madambo a Sudan kunayamba kuoneka ngati kutaya ndalama. Loto la Cape mpaka Cairo linadzatheka patapita zaka zoposa 100, ndi faiba ya kampani ya Liquid ya Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe, imene mu 2018 inagwirizana ndi Telecom Egypt kulumikiza mbali yotsala. Koma isanazolowereke n'komwe, Starlink inafika, ndipo ku Malawi inayamba kugulitsa mu Julayi 2023. Kadishi kake sikafuna M1, sikafuna Songwe, sikafuna nsanja.

Ambiri akuiona Starlink ngati wachitatu amene tinkamudikira uja. Mbali ina ndi zoona: loji ya ku Chilumba kapena ofesi ya bungwe ku Karonga tsopano ili ndi kothawira, ndipo ogulitsa intaneti ya m'maofesi akudziwa zimenezo akamatchula mtengo. Koma ine ndili ndi nkhawa ina. Amene angakwanitse kugula kadishiko ndi kulipira pamwezi ndi makasitomala omwe aja amene kakampani ka pa tauni kakanayambira: maloji, mabungwe, mgodi wa Kayelekera, sukulu za mishoni. Aliyense akadzipezera yake padenga, wotsala woti akokeredwe faiba ndi wosauka yekha, ndipo palibe adzakumbe ngalande chifukwa cha iyeyo. Ndalama ya pamweziyo nayonso imatuluka m'dziko, osasiya ntchito kwa mnyamata wa pa Karonga wodziwa kulumikiza ulusi.

Mwa eni nthambo onse amene adutsa pa Karonga kuyambira nthawi ya Rhodes, mmodzi yekha ndiye ali ndi chimene enawo analibe. ESCOM ili kale ndi mapolo m'makwalala a tauniyi, ofika pa chipatala, pamsika, pa sukulu, pa nyumba iliyonse yoyaka magetsi. Mbali yodula kwambiri ya faiba ya m'makomo, yokumba ndi kupempha malo, inalipiridwa kale ndi ife ogula magetsi. M'mayiko ambiri faiba ya m'makomo inafalikira chonchi, popachika ulusi pa mapolo a magetsi n'kumalipira lendi pa polo iliyonse. ESCOM ndi ya boma, ndipo MACRA ili ndi mphamvu pa nkhani yobwerekana zipangizo. Kaya ESCOM idzasankha kukhala sitolo yachitatu yogulitsa yokha, kaya idzatsegula mapolo ake kwa aliyense wolipira lendi yofanana, zidzagamulidwa m'maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe. Khonsolo ya Karonga, a Kyungu ndi aphungu a m'bomali ali ndi poyambira pofunsa, chifukwa nthambo zopita ku Dar es Salaam zikudzera m'minda ya anthu awo.